Msana wa Mayi Teruko

Gladys Chikaonda wagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu m'nyumba ina yosamalira okalamba ku Romford, m'dziko la Angelezi. Wasambitsa anthu ambiri, ena mayina anawaiwala, koma Mayi Teruko Bellamy samuchoka m'mutu.

Anali mayi wa ku Japan, wochepa thupi, wamasiye, zaka 86. Sankalola aliyense kuwaona kumsana. Tsiku limene analola Gladys kuwasambitsa, iye anaona chifukwa chake. Kuyambira paphewa mpaka m'chiuno khungu linali lokwinyika, lonyezimira, chipsera cha moto wakalekale. Gladys anangowapukuta pang'onopang'ono n'kuwaveka.

Anadzayamba okha kufotokoza patapita miyezi, m'mawa wina Gladys akuwapesa tsitsi.

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ku Nagasaki," anatero. "Ndinkachokera kotunga madzi. Kunawala, kenako kunada dzuwa lisanafike pamutu. Mkulu wanga anali akuyanika zovala. Sitinamupeze."

Bomba la atomiki linawasiya amoyo, koma anthu sanawasiye. Kumalo osambirako anthu ambiri, mwiniwake anawauza kuti asadzabwerenso, ati ena akuopa kutengera chipseracho. Atakula zinkaoneka ngati umbeta wawo watha, mnyamata wawafunsira. Makolo a mnyamatayo anatuma munthu kukafufuza kumene mtsikanayu anali m'chaka cha 1945. Atamva, ukwati unafera pomwepo. Ankati magazi ake ndi oipa, adzabereka ana olumala.

Mu 1964 anakwatiwa ndi Bambo Bellamy, Mngelezi wogwira ntchito m'sitima zapamadzi, nabwera naye ku Ilford. Kumeneko anasoka makatani zaka makumi atatu. Mayi Teruko anamuuza mwamunayo kuti iwo anapsa ndi madzi otentha ali khanda.

"Anamwalira akuganiza kuti ndine wosabereka," anatero Mayi Teruko. "Sindinali wosabereka. Ndinkaopa chimene chikanatuluka mwa ine."

Chaka chotsatira nzeru zinayamba kuwathawa. Chingelezi chinkawasowa, ankadutsiza mawu a kwawo. Ankadzaza makapu ndi madzi n'kumaika pafupi ndi okalamba anzawo, ngakhale amene akugona. Anesi ankachotsa, iwo n'kudzazanso. Masana ena anamugwira Gladys pamkono mwamphamvu.

"Ku Nagasaki anthu opsa anali atagona m'mbali mwa msewu, khungu likulendewera, akupempha madzi. Asilikali anati tisawapatse, akamwa afa. Ndinawadutsa onse."

"Munali mwana, agogo."

"Ndinali ndi ndowa."

Gladys anakhala nawo pabedipo mpaka belu la chipinda china litalira.

Anamwalira mu February, kunja kukuzizira. Pamaliro panali anthu anayi okha: wansembe, woyang'anira nyumbayo, mayi wina amene ankasoka nawo, ndi Gladys. Wansembe anati malemuwa anali munthu wofatsa, wokonda maluwa. Za Nagasaki palibe anatchula, ndipo Gladys sanadziwe ngati zinali zake kuti anene.

Pobwerera, ali pamalo odikirira basi, anaimbira foni amayi ake ku Ntcheu. Atapatsana moni, anafunsa za Esnat, mkulu wake amene anamwalira ndi Edzi mu 1997. Dzina limeneli pakhomo pawo silinkatchulidwa. Esnat anadwala miyezi isanu ndi iwiri m'kanyumba ka kuseri, mbale yake ndi kapu yake zikusungidwa pazokha.

"Amayi, ndani analamula kuti aEsnat azidyera paokha?"

Gladys ankamva nkhuku zikulira kumudziko.

"Palibe analamula, mwanawe. Tonse tinkaopa. Iwenso chakudya unkangosiya pakhomo n'kuthawa."

Basi inafika, zitseko zinatseguka, anthu anakwera. Gladys anatsala ataima, foni ili kukhutu. Amayi ake sanadule, iyenso sanadule.