Mchere wa Kapitawo

A Kefasi Chikaonda banja lawo linatha chifukwa cha nsomba, ndipo nsomba yake sinali yodya. Anthu a pa Boma la Mchinji akamaikamba nkhaniyi amaseka mpaka kugwira nthiti, koma eni ake sanasekepo.

Kwawo kunali ku Dedza. Ku Mchinji anafika mu 1993 pa lole ya matenanti, kudzalima fodya pa esiteti ina cha ku Dambe. Anali munthu wa mawu ochepa, womvera malangizo mpaka kuwapitirira. Mukawauza kuti mbande zitalikirane mapazi awiri, ankavula nsapato n'kuyeza ndi phazi lenileni, munda wonse. Kumeneko anaonana ndi Esitele, mkazi wamfupi, wokonda kuseka, wa m'mudzi wina kufupi ndi Kachebere, ndipo anakalowa chikamwini. Ankamukonda, izi tisabise, kungoti pakamwa pawo sipankatuluka zoterozo.

Esiteti itatsekedwa, mu 2001 anapeza ntchito pa resitihausi ya a Pius Zulu, pamsewu wopita kuboda. A Pius kale ankayendetsa mathiraki a ku Dar es Salaam, ndipo paulendo wawo womaliza anabwerako ndi chibokosi chagalasi chotalika ngati bedi, matumba a mchere wapadera, ndi nsomba zisanu za m'nyanja yamchere. Ankati azungu opita ku Chipata aziima kudzaona. Azungu sanaime, koma nsombazo zinafunika woziyang'anira, ndipo ntchito inagwera a Kefasi.

Imodzi inali yabuluu, yophwatalala ngati chikhatho, kumchira ili ndi kaminga kakuthwa ngati lezala. A Pius ankati mtundu wake ndi tang. Pasanathe sabata ziwiri inali itatema zinzake zonse zinayi, n'kutsala yokha ikuyendera malo ake uku ndi uku. A Kefasi, amene khalidwe limeneli ankalidziwa bwino kuchokera ku esiteti, anaitcha Kapitawo.

Pa kadyedwe ndiye panali nkhani. Chakudya cha m'chitini chimene inabwera nacho inangochiyang'ana n'kutembenuka. Usipa inakana. Gaga inakana. Mpiru, nkhwani, bonongwe, zonse ayi. Pomaliza inalola tsamba lanthete la chayinizi, loviika kamphindi m'madzi otentha, lopanidwa pagalasi ndi pegi yoyanikira zovala, mbali ya kumanzere. Mukaika kumanja, tsiku limenelo inkagona ndi njala mwadala. Magetsi akathima a Kefasi ankaipopera mpweya ndi pampu ya njinga mpaka abwere. Ndipo Loweruka lililonse ankatunga ndowa ziwiri m'chibokosimo n'kutaya, kusungunula mchere m'madzi atsopano, n'kuyeza ndi kagalasi koyandama mpaka madzi afike pamzere wobiriwira.

Mwezi wa Juni, kukuzizira, Kapitawo inadwala. Inatuluka timadontho toyera thupi lonse, n'kumangokhala pakona, tsamba osaliyang'ana. A Kefasi ataima pagalasi manja ali m'khosi, panafika mayi Anasi, ophika pa resitihausipo, mayi wachikulire amene amuna awo anamwalira kalekale.

"Kodi mchere umenewu amathira ndani?" anafunsa mayiwo.

"Ine, mayi."

"Nanga dzulo lake munagona kuti?"

"Kunyumba."

"Mphasa imodzi ndi akazi anu?"

A Kefasi anayang'ana pansi.

"Basitu, mwaidula," anatero mayi Anasi. "Khanda simungalithirire mchere muli wotentha. Nanga kanthu kochokera kutali chonchi, kopanda ndi mayi ake omwe?"

Kwathu kuno aliyense anakula akumva kuti munthu amene wakhala malo amodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi wotentha, ndipo mchere wothira iye umadwalitsa ofooka. Palibe anaganizapo kuti mwambowu ungafike kwa nsomba. Koma palibenso wamkulu amene ananenapo kuti sufika.

Sabata imeneyo a Kefasi anayala mphasa yawo payokha kuyambira Lachinayi. Loweruka anathira mchere ali wozizira. Patatha masiku khumi timadontho tinatha, Kapitawo inang'amba tsamba lake ngati sinadwalepo. Kwa a Kefasi mlandu unathera pomwepo. Pofuna kutsimikiza, anawonjezera Lachitatu. Dzuwa la Okutobala litafika, a Pius analamula kuti madzi azisinthidwa kawiri pa sabata, ndiye masiku anangotha okha. Linatsala Lamulungu, koma Lamulungu a Kefasi ankakhala atatopa.

Poyamba Esitele anaseka. Kenako anasiya kuseka, chifukwa za m'maresitihausi ankazimva. Tsiku lina anakwera kabaza mpaka pa Boma kuti akamuone yekha mkazi amene akumulanda mwamuna. Anapeza a Kefasi atawerama pagalasi, tsamba lili m'manja, akunyengerera.

"Ndi ameneyu?" anafunsa Esitele.

"Ndi Kapitawo," anayankha a Kefasi. "Usayandikire kwambiri, sakonda alendo."

Esitele anatuluka panja n'kukalira kuseri kwa khitchini. Akanakhala mkazi mnzake, bwenzi atadziwa pogwira.

Nkhani inapita kwa ankhoswe. A Eneya, amalume ake a Esitele, anamvetsera mbali zonse nkhope ili gwa, ngakhale akuti pambuyo pake anakasekera kudimba. Anagamula mwanzeru: ngati vuto ndi wothira mchere, azithira mayi Anasi, amene anazizira kalekale. Loweruka lotsatira mayi Anasi anabweradi. Anatapa mchere ndi dzanja, kuvundula, kuviika chala, kulawa, n'kunena kuti wakwana. Zaka makumi atatu akuphikira anthu, sanafunepo kagalasi. A Kefasi anadikira kuti mayiwo abwerere kukhitchini, anaponya kagalasi kawo m'ndowamo, n'kuona kuti mzere wobiriwira uli m'mwamba kutalitali: mchere unali utachuluka. Anataya madziwo, ndipo kuyambira pamenepo sanalolenso dzanja la wina.

Chaka chinatha choncho. Lachinayi lina m'mawa, a Kefasi akumanga thumba panjinga, Esitele anagwira chishalo.

"Bambo, ine zaka zikupita," anatero. "Anzanga onse ali ndi ana kumbuyo, ine ndikudikira nsomba. Mawa Lachisanu mukayala mphasa kwina, mukayaliretu ku Boma."

"Loweruka ili lokha," anatero a Kefasi. "Dzulo sinamalize tsamba."

Sankanama, tsambalo inasiyadi theka. Loweruka madzulo pobwera kuntchito anapeza khasu lawo, mphasa ndi chikwama zili pakhonde, chitseko chili chotseka. Mkamwini sakangana ndi chitseko cha eni mudzi. Anamanga katunduyo panjinga n'kubwerera.

A Pius anawapatsa kachipinda kosungira matumba a mchere. Anakhalamo zaka ziwiri. Kapitawo inanenepa, buluu wake n'kumawala, inatemanso nsomba zina ziwiri zimene a Pius anayesa kuibweretsera. A Kefasi ankamusowa Esitele koopsa. Ankadzitonthoza ndi chinthu chimodzi chokha, chakuti akanapanda kudziletsa, chamoyo chimene anapatsidwa kuti asunge chikanafera m'manja mwawo.

Mu 2004 kunabwera mlendo wa ku Lusaka, woweta nsomba zoterezi kwawo. Anaima pagalasi ndi a Pius, a Kefasi ali pambali ndi ndowa. Mlendoyo anafunsa ngati nsombayo inadwalapo timadontho toyera.

"Kamodzi kokha, chaka choyamba," anatero a Pius. "Kawaya kotenthetsa madzi kanali katapsa, nsomba n'kuzizidwa. Ndinaikamo katsopano, n'kudonthezamo mankhwala, basi inachira."

A Kefasi anatula ndowa pansi.

"Bwana, munasintha liti kawayako?"

"Sabata yomweyo. Kodi sindinakuuzeni?"

"Simunandiuze."

"Aa, pepani. Inali nkhani yaing'ono."

A Kefasi anamaliza kuthira madziwo, chifukwa ntchito sankaisiyira panjira. Kenako anapalasa njinga mpaka kumudzi kwa Esitele. Anamupeza pabwalo akutonola chimanga, khanda lili kumbuyo. Padenga la nyumba panali mwamuna wina akufolera udzu. Esitele anawabweretsera mpando, anagwada chapatali monga achitira ndi mlendo, n'kuwapatsa moni.

"Mwayenda bwanji, a Chikaonda?"

"Ndayenda bwino. Ndabwera kudzakuuzani kuti sunali mchere ayi. Kanali kawaya."

Esitele sanaseke, sanakwiye. Anakonza nsalu ya mwana paphewa.

"Zikomo potiuza," anatero. "Koma ine za mchere kapena za kawaya sindinazifunsepo. Ndinakupemphani Lachisanu limodzi."

A Kefasi anatenga chipewa chawo chimene chinali pabondo. Anafuna kufunsa dzina la mwanayo, koma anaona kuti si zawo. Anatsanzika mwaulemu, anapatsanso moni bambo anali padenga aja, n'kutenga njinga. Mpaka kumsewu waukulu anangoikankha osakwera, chifukwa maso sankaona bwino njira.