Chitsulo chakumwamba chaumitsa dimba la apongozi anga

Sabata ino ndakhala pansi pa mtengo wa mango kwa apongozi anga maola awiri athunthu, nditafulatira, ndikuyesa kufotokoza chinthu chomwe ine mwini sindikuchimvetsa bwinobwino. Ndabwerako mutu ukuzungulira. Ndiye mundipirire, lero sindikalipira aliyense monga ndimachitira masiku onse. Mkwiyo ulipo, wambiri, koma sindikudziwa woti ndimuthire.

Lachiwiri m'mawa akunyumba kwanga, mayi a Dalitso, analandira foni kuchokera kwawo kwa Malemia ku Nsanje. Amayi awo akana kupita kudimba. Masiku anayi khasu lili pakhonde, mbewu ya chimanga ili m'thumba, iwo ali khale.

Inu a kumtunda mwina simukuona vuto. Kuno kuchigwa chimanga cha mvula timangoyeserako, chifukwa dzuwa likapanda kuchiotcha madzi amachikokolola. Chakudya chenicheni chimachokera kudimba. Madzi a Shire akabwerera amasiya matope akuda, ndipo umayenera kubzala matopewo asanaume. Ukachedwa sabata imodzi nthaka imang'ambika, chinyezi chimathawira pansi, chaka chimenecho watha. Apongozi anga ndi mayi wamasiye. Dimba limenelo ndiye mbale yawo.

Nanga akanira chiyani? Kanema wa pa foni.

Tinanyamuka kwathu kwa Maseya, minibasi kenako kabaza, n'kufika dzuwa litapendeka. Woyamba kutilandira anali a Zuze, oyandikana nyumba ndi apongozi. A Zuze ndi a m'komiti ya m'mudzi yochenjeza anthu za madzi osefukira. Ali ndi wezulo wa pakhosi ndi foni yaikulu, ndipo akaliza wezuloyo mudzi umamvera.

"Bambo a Dalitso, mwachita bwino kubwera, inu ndinu ophunzira," anatero. "Taonani nokha."

Ndinaona.

Poyamba ukuona mbali ya chitsulo choyera chachitali, pansi pake moto ndi utsi, dziko likutsalira mmbuyo. Misewu ikuchepa, mitambo ikudutsa. Kenako phu! Chombo chachikulu chija chikupita chokha ndi moto wake, iwe watsala. Ndiye kuyamba kugubuduzika. Kukuda bii, kenako dzuwa, kenako dziko lobiriwira lopindika ngati chipanda, kenako kukudanso. Phokoso lake ngati munthu akulira mkati mwa diramu. Patapita nthawi mphepo ikuyamba kukuwa, maambulera akuluakulu a nsalu akutambasuka, ndiye khuvu! m'madzi. Thovu lokhalokha.

Ndinaonera katatu. Kachitatu ndinachita kugwira tsinde la mtengo, chizungulire.

Pansi pa kanemayo panali mawu ojambulidwa, mwamuna wolankhula Chichewa chabwino, modekha ngati wolengeza maliro: "Abale, chitsulo ichi chathothoka ku chombo cha azungu. Chigwera kuchigwa cha Shire, makamaka m'madambo. Musapite kumadimba. Tumizani kwa ena."

A Zuze atamva zimenezo analiza wezulo. Mudzi wonse unasiya makasu.

Tsono ine ndinapita kusekondale, ndipo wailesi ndimamvera. Ndikudziwa kuti roketi ikamanyamuka imakhala ndi zitsulo zodzaza mafuta m'mbali mwake zoithandiza kukwera. Mafuta akatha zimamasuka n'kugwera m'nyanja yamchere, eni ake n'kupita ndi sitima kukazitola. Ndinawauza a Zuze zimenezi, ndikudzimva kuti nkhani yatha.

"Komanso a Zuze, taganizani," ndinatero. "Ngati tikuonera kanema wake chikugwera m'madzi, ndiye kuti chinagwa kale!"

"Anajambula ndani?"

"Kamera. Anaimangirira pachitsulopo."

"Kamera yagwera m'nyanja, kanema wake wafika bwanji kwa Malemia?"

"Anakaivuula."

"Ooh. Ndiye zimenezi amaponya kangati pachaka?"

Sindinadziwe.

"Zonse amazivuula? Palibe chimene chimaphonya?"

Sindinadziwenso. A Zuze anabweza kanemayo mmbuyo, n'kuimitsa pamene dziko likuoneka, n'kuloza ndi chikhadabo mtsinje wina wokhotakhota. "Uyu si Shire uyu? Apa si pa Chiromo, pomwe Ruo akulowa?"

Abale, ndinene zoona. Ndinayang'anitsitsa, ndipo panafanana. Ndikudziwa kuti si pa Chiromo. Koma Chiromo ndinamuonapo liti kuchokera kumwamba kuti nditsutse?

Munthu wa mtima wapachala ngati ine akasowa yankho amakweza mawu. Ndinakweza. Ndinawafunsa a Zuze ngati wezulo anawapatsa kuti aziimbira mpira. Ndinati mudzi wonse ugona ndi njala chifukwa cha munthu mmodzi wosadziwa kusiyanitsa chenjezo ndi zoseweretsa. Iwo anangovula wezuloyo pakhosi n'kundiikira pamwendo.

"Tengani, muziliza ndinu. Chikadagwa ine nditakhala chete, bwenzi mukuti chiyani?"

Ndinawabwezera. Anaulandira, koma sanauvale, anauika m'thumba la malaya.

Kenako inakwana nthawi yoonana ndi apongozi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pabanja, sindinakhalepo nawo mphasa imodzi, sindinawayang'anepo m'maso. Ndi ulemu wathu umenewo. Iwo anakhala pakhonde, ine pansi pa mango nditawapatsa msana, mayi a Dalitso pakati. Chisena ndimachimva, iwonso Chichewa amachimva bwino lomwe, koma mawu a mkamwini sapita okha kwa apongozi, amadzera mwa mwana wawo.

Tayesani kufotokoza roketi mutafulatira, osaloza pafoni, osakweza mawu, mawu anu akuyenda pamsana pa munthu wina.

"Auzeni mayi kuti chitsulocho chinagwa kalekale, m'nyanja yamchere, kutali kwambiri ndi kuno."

Mayi a Dalitso anapereka. Yankho linabwera: "Akuti munachiona chikugwa ndi maso anu?"

"Ndachiona pafoni."

"Akuti a Zuze nawonso achiona pafoni."

"Auzeni kuti amene anajambula mawu aja ndi chitsiru, ndipo a Zuze aja mutu wawo sukoka."

Ndinamva ndi makutu anga akunyumba akunena m'Chisena kuti bambo a Dalitso akuthokoza a Zuze posamala anthu a m'mudzi. Ndinatembenuka pang'ono kuti nditsutse, n'kukumana ndi diso la akunyumbawo. Ndinabwerera kuyang'ana tsinde la mango.

"Auzeni kuti dimba likuuma."

Apa apongozi sanadikire mwana wawo. Anangoti, "Nkhabe." Ayi wa Chisena ameneyo, wolemera ngati mwala.

Kenako analankhula nthawi yaitali, motsitsa mawu. Mayi amenewa anabwera kuno kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, akunyumba kwangawa ali kumsana. Anati tsiku lomwe ndege inabwera pamudzi pawo anthu anali kumunda, ndipo panali bambo wina wophunzira, wovala wotchi, amene anati musathawe, ikungodutsa. Sanapitirize. Mayi a Dalitso nawonso sanamasulire, panalibe chifukwa.

Ndinayesa kunena kuti izi ndi zosiyana. Yankho lake ndi limene landisowetsa mtendere mpaka lero.

"Akuti chaka cha madzi chija, ndani anaima pabwalo pano n'kukalipa kuti foni ikanena kuti thawani, muzithawa osafunsa mafunso?"

Ndinali ine.

Chaka chimenecho chenjezo linabwera pafoni, a Zuze analiza wezulo, apongozi anakana kusiya mbuzi zawo. Anakhala masiku awiri pamwamba pa chulu mpaka bwato linawapeza. Ine nditafika ndinakalipira alamu anga pabwalo mokweza dala kuti mawu adutse mpanda. Ndinalembanso pa tsamba lomwe lino, ena a inu mukukumbukira. Ndinati anthu a kuchigwa timafa chifukwa cha makani. Ndinati chenjezo silikambirana.

Ndiye apongozi anga anamva. Anasintha. Chenjezo labwera, amvera osafunsa mafunso. Ine yemweyo ndakwera minibasi kudzawauza kuti alakwitsa.

Mukuona pamene pandizunguza?

Anthu tawaphunzitsa kumvera foni, koma sitinawauze kuti foni ili ndi pakamwa pambiri. Chenjezo loona ndi bodza zimalowera khomo limodzi, zimalira mofanana, zonse zimati tumizani kwa ena. Nthawi zina loonalo limabwera m'Chingerezi cha muofesi, lalitali, lopanda chithunzi. Bodza limabwera m'Chichewa chokoma, ndi kanema woti ukaonera umagwira mtengo. Mayi wosawerenga asankhe chiti? A Zuze, amene anangopatsidwa wezulo ndi malaya a komiti, akafunse kwa yani Loweruka masana?

Ndipo kanemayo si wabodza, apa ndi pamene pakundipweteka. Chitsulocho chilipo, chinagwadi. Chabodza ndi mawu okhawo. Pali munthu kwinakwake, wa chilankhulo chathu chomwechi, amene anakhala pansi, n'kutenga kanema wa anthu akutali, n'kukonza kukhosi, n'kutchula chigwa cha Shire. Anapindula chiyani? Ankaseka? Kapena nayenso anachita mantha, n'kuganiza kuti akupulumutsa abale? Ndikanamudziwa bwenzi tsamba lonseli lili lake. Koma sindikumudziwa.

Enanu muti anthu a kumudzi ndi opusa. Pepani, khalani kaye kuno chaka chimodzi. Ife a kuchigwa chilichonse chotayidwa kumtunda chimatipeza. Mvula igwa ku Thyolo, nyumba zigwa kwa Malemia kumwamba kuli mbee. Wina adula mitengo ku Mwanza, mchenga ukwirira munda kwa Maseya. Mabotolo, mapepala, mitembo ya agalu, zonse zimatsikira kuno. Ndiye wina akati chitsulo chatayidwa kumwamba kwenikweniko ndipo chikufuna pogwera, munthu wa kuno aganiza kuti chigwera kuti? Ku Zomba?

Lachitatu m'mamawa ndinawauza akunyumba kuti zolankhula zakwana. Tinatenga makasu awiri ndi thumba la mbewu lija. Apongozi anaima panjira, n'kumuuza mwana wawo kuti ngati mwamuna wako watopa ndi moyo apite yekha. Mayi a Dalitso anati, "Mayi, tikapanda kubzala mudzadya kanema?" Anadutsa. Ine ndinalambalala kuseri kwa khola, poti sindingadutse pamaso pawo.

Madimbawo ali kutsidya kwa madzi, ndipo mwini bwato anatiolotsa monyinyirika. Madimba onse anali zii, mbalame zokha. Nthawi ngati ino kumakhala anthu ngati pamsika.

Dimba la apongozi ndi lotsetsereka. Chakumtunda kwake tinapeza kutang'ambika kale. Ndinakumba phando mpaka mkono kulowa kufika m'chigongono, dothi lili gwa, lotentha. Tinatsika pang'ono, chimodzimodzi. Chinyezi tinachipeza chakumunsi, kufupi ndi bango. Tinabzala pamenepo mpaka dzuwa litafika pamutu, manja anga a cholembera atatuluka matuza.

Ndiulule china. Tili mkati mobzala, chithunzithunzi chinadutsa pansi mofulumira. Ine, wa kusekondale, amene dzulo lake ndinkaphunzitsa a Zuze za roketi, ndinaponya khasu n'kubisa mutu m'manja. Anali kakowa.

"Chagwa kale m'nyanja yamchere, bambo," anatero mayi a Dalitso, osaleka kubzala.

Ndinatola khasu langa. Koma kuyambira pamenepo ndinkati ndikakumba maphando asanu, n'kuyang'ana kumwamba. Ndikudziwa kuti kulibe kanthu. Khosi ndi limene silinkadziwa.

Titabwerera madzulo ndinakhalanso pansi pa mango. Ndinayembekeza kuti apongozi anena kuti mkamwini ananena zoona. Uthenga umene unadzera mwa akunyumba unali waufupi: "Akuti lero sichinagwe."

Apongozi anapita okha kudimba Lachisanu, ataona kuti anthu ena ayamba kuoloka. Ife tinali titabwerera kale kwa Maseya. Anaimba foni kwa mwana wawo. Sanatchule chitsulo, sanatchule a Zuze. Anangoti kumtunda kuja kwatha, ayesa kuthira madzi a m'ndowa koma dothi likungomwa. Mwa magawo atatu a dimba lija, labzalidwa limodzi. Chimanga chimenecho sichifika ngakhale pa Khirisimasi.

Asanadule anapereka funso loti lifike kwa ine, mwaulemu wonse, monga mwa mwambo. Akuti popeza bambo a Dalitso ndi amene amadziwa za mafoni, awauziretu panopa: mvula ikadzayamba, foni ikadzanena kuti madzi akubwera thawani, adzathawe kapena adzadikire kaye kuti mkamwini akwere minibasi adzaone ngati ndi zoona?

Mayi a Dalitso anatseka foni ndi dzanja n'kundiyang'ana. "Ndiwauze chiyani?"

Ndinawapatsa chizindikiro ndi dzanja kuti adikire kaye. Anawauza kuti bambo akuganizira.

Ndikuganizirabe. Inu amene mumatumiza kwa ena musanafunse, ndi inu amene mumaseka anthu a kumudzi, tandithandizani: mayi amenewa ndikawayankhe kuti chiyani?