Amene Ankathira Mchere

Ndinasiya ntchito yoyeza dothi ku esiteti ya tiyi chifukwa chotopa ndi maso a anthu. Zaka zinayi ndili pachikamwini ku Khwethemule, ine ndi mkazi wanga Esinati opanda mwana, apongozi akundiyang'ana ngati tambala wosalira. Mnzanga wakusukulu atandipezera malo mu labu ina ku Cape Town, ndinanyamuka sabata yomweyo.

Ntchito yake inali ya tinyama ta m'nyanja, tozungulira, taminga thupi lonse ngati kanungu. Tinkatibaya jakisoni kuti titulutse umuna. Ine ndinkatenga kachubu kagalasi kosongoka kuposa tsitsi, n'kukhudzitsa pakhungu la kambewu kamodzi, diso lili pa maikulosikopu. Pakhungupo pali timabowo todutsa kashiyamu ndi potaziyamu, ndipo tikatseguka, mzere wa pakompyuta unkadumpha. Masiku ena ndinkaweruka mzere usanagwedezeke n'komwe, wopanda womudandaulira m'chinenero changa. Ndinkasungulumwa koopsa.

Kupusa kwanga n'kwakuti ndinamufotokozera Esinati zonsezi pafoni, n'kutumizanso chithunzi cha kabotolo.

"Umuna wa ndani?" anafunsa.

"Wa tinyama."

"Azungu angamulipire munthu chifukwa cha tinyama?"

Kuyambira pamenepo mauthenga ake anafupika. Amalume ake, a Namakhwa, anamuletsa kugulira chakudya ndalama zomwe ndinkatumiza. Ankati n'zokhwimira.

Nditabwerako patatha zaka ziwiri, ndinafika nditakonzekera mkangano, koma palibe amene anandifunsa kanthu. Anandiphera nkhuku, a Namakhwa akuseka mano onse pamtunda, moti ndinayamba kukayika. Kenako ndinaona kuti Esinati akaphika ndiwo, ankaitana mayi ake kuti adzathire mchere. Kwathu mkazi amatero akakhala kumwezi, kapena akagona ndi mwamuna wina, kuopa kudwalitsa mwamuna wake mdulo. Ndinayamba kuwerenga masiku. Anakwana khumi ndi asanu, iye osathirabe mchere.

Ndinamupeza akutsuka mbale kuseri kwa nyumba.

"Kodi mcherewu ukukuwotcha m'manja?"

Sanadzutse mutu. "Sindikufuna mudwale."

"Ndi ndani?"

"Anamupeza ndi amalume. Anati inu mbewu yanu munagulitsa kwa azungu, ndiye m'nyumba mulowe fisi, andipatse mimba m'malo mwanu. Amayi anavomera. Ankhoswe anu anavomeranso." Anagwira pamimba. "Miyezi itatu. Akuti mwanayu ndi wanu."

Ankhoswe angawo ndi achimwene anga a bere limodzi. Ndi amene anadzandichingamira ku Limbe, n'kundinyamulira chikwama mpaka pakhomo.