Zilembo Zazikulu za Alongo Anga

Lachiwiri m'mawa alongo anga aakulu, aNaphiri, ananditumizira mawu kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Anati ndipite ku ofesi kwawo nthawi ya nkhomaliro, anzawo onse akatuluka. Masiku ano munthu akakuitana mwakachetechete chonchi, umayamba kuganiza za maliro.

Sanali maliro ayi. Inali kompyuta.

Alongo angawa amagwira ntchito yotayipa pa ofesi ina pano pa boma la Chadiza. Anaiyamba ine ndikadali ku pulayimale, ndipo taipilaita ankaiimba ngati ng'oma, osayang'anapo n'komwe. Chaka chino ofesi yawo yalandira kompyuta, imodzi yokha, ya onse, ndipo taipilaita ija aikweza pamwamba pa kabati. Ine ndinaphunzirako pang'ono za makinawa ku Chipata pa holide, ndiye pabanja pathu ndasanduka katswiri.

Nditalowa anatseka chitseko.

"Yohane, khala apa. Ndiuze, pa mabatani awiriwa, losungira ndi liti, lotayira ndi liti?"

"Alongo, si zalembedwa pomwepo?"

"Ndikudziwa kuti zalembedwa, iwe. Ndikufunsa kuti ndi liti."

Apo m'pamene ndinawayang'anitsitsa. Anali ataweramira pa sikirini, mphuno pang'onong'ono kukhudza galasi, maso atawafinya ngati munthu amene walowa m'khitchini modzaza utsi. Tizilembo ta pa kompyutapo n'tating'ono ngati nyerere, tili pa mabatani otuwa, mabataniwonso ali pamalo otuwa. Anandiuza kuti sabata yatha anatayipa lipoti m'mawa wonse, ndipo makinawo atafunsa ngati asunge, iwo anadina polakwika. Zonse zinapita. Kwa abwana ananamizira magetsi.

"Nanga pepala mumaliwerenga bwanji?"

"Pepala ndimalitengera pawindo, pa kuwala. Chinthu ichi ndingachinyamule?"

Abale, ntchito yake ndi yaing'ono zedi. Umadina batani lakumanja la mausi pamalo popanda kanthu, n'kutsegula kabokosi kosinthira maonekedwe. M'menemo ndinasankha zilembo zazikulu, ndinazinenepetsa, mabatani nawonso anakula. Kutuwa kuja ndinakuchotsa, kumbuyo kukhale koyera mbee, zilembo zakuda bii. Madzi a tiyi sakanawira n'komwe.

Alongo anabwerera m'mbuyo pampando, msana n'kuwongoka.

"Mayo ine! Kodi apa panalembedwa chonchi nthawi yonseyi?"

Anayamba kuwerenga mokweza batani lililonse, akuloza ndi chala, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ndinali ndisanawamve akuseka chonchi chimwalirire mng'ono wawo, amene anawasiyira ana oti alere. Ndinabwerera kusukulu ndikuimba mluzu.

Lachisanu anandiitananso. Ndinawapeza nkhope ili ndwii.

"Bweza mmene zinalili."

Ndinaganiza kuti makinawo avuta. Ayi, ankagwira bwino lomwe. Vuto linali lakuti zilembo zikuluzikulu zija munthu amaziwerenga ali pakhomo. Akuti abwana awo atalowa anaima pomwepo n'kunena kuti, "Aa, kodi ofesi yasanduka Giredi Wani? Ndani amene maso atha muno?" Ananena moseka. Anzawo anaseka. Alongo nawonso anaseka, n'kuyankha kuti ndi mlongo wawo wakusukulu amaseweretsa makinawo. Koma akuti kuseka kutatha, abwanawo anawayang'ana nthawi yaitali asanatuluke.

Ine ndinakweza mawu.

"Alongo, mwalakwa chiyani? Mwaba? Ntchito simukuigwira bwino tsopano kuposa kale?"

"Tsitsa mawu, Yohane. Nyengo ino ukuidziwa. Akuchepetsa anthu. Sakufunafuna wakuba kapena waulesi, akufuna chifukwa basi. Ine kwatsala zaka zochepa kuti ndipume bwinobwino. Akandichotsa lero, ana aja adzadya zilembo zako?"

Ndinatchula zakuchipatala. Anati kukiliniki anawauza kale kuti ng'ala yayamba, apite ku Chipata akawaone. Koma kupita ku Chipata n'kupempha masiku, ndipo kupempha masiku n'kunena chifukwa chake. Chifukwacho ndi chomwe akubisachi.

Ndakhala ndikulingalira nkhaniyi sabata yonse, ndipo ikundiwawa.

Amene anapanga makinawa, kutali kumene aliko, ankadziwa kuti maso amakalamba. N'chifukwa chake anaikamo kabokosi kaja. Sanakaike kuti kakhale chokongoletsa. Chinthu chopanda mtima, chopanda m'bale, chinavomera kupindika kuti mayi wachikulire agwire ntchito yake. Amene tinakana kupindika ndi ife, anthu a magazi, amene timakhalira limodzi pamaliro.

Ndipo musaganize kuti ndi alongo anga okha. Pitani ku tchalitchi chakumudzi kwa Zingalume Lamulungu m'mawa. Mukapeza akatekisiti atatsegula buku, akutembenuza masamba pa nthawi yake, koma mawuwo akuchokera m'mutu. Tonse timadziwa. Palibe amene anganene, poopa kuti angawalande bukulo. Pitani ku Zemba nthawi yopopera thonje. Mukapeza bambo akuyang'ana botolo la mankhwala ngati akuwerenga, kenako n'kungothira moyerekeza, chifukwa kufunsa mkamwini kuti awawerengere n'kudzitsitsa. Kusukulu kwathu komwe kuli mphunzitsi mnzanga amene amachonga makope ataima pakhomo, amati akufuna kamphepo.

Tinaphunzira kuti khalidwe limeneli? Mwana akavala magalasi timamutcha wamaso anayi. Wamkulu akavala timati wayamba matama, kapena timanong'onezana kuti watha. Munthu wothyoka mwendo timamupatsa ndodo ndi manja awiri. Koma wofooka maso timamusiyira njira ziwiri zokha: aname kapena achoke.

Ndiye amanama. Bodzalo ndi limene limataya lipoti la m'mawa wonse. Ndi limene limawotcha thonje m'munda. Ndipo tsiku lina, Mulungu atithandize, lidzakhala pa jakisoni kukiliniki kwa Pembamoyo, m'manja mwa munthu wabwino amene sakuona bwino timizere koma akuopa kunena.

Tikuuzidwa kuti chaka cha 2000 chikamafika, makompyuta adzakhala paliponse, ndipo amene sakuwadziwa adzatsalira. Chabwino. Koma alongo anga kompyuta aidziwa. Anaiphunzira okha, paukalamba, zala zawo zikuthamanga kuposa za anyamata onse a mu ofesimo. Chimene chikuwasiya m'mbuyo si umbuli. Ndi nthabwala imodzi ya pakhomo, yonenedwa ndi munthu amene mwina pofika kunyumba anali ataiiwala.

Inu amene muli ndi mipando m'maofesi, kodi maso anu ali ndi pangano ndi Mulungu? Mukadzayamba kuona mbuu, mudzafuna kuti amene akulowa pakhomo adzanene chiyani?

Ndinayesa kunyengerera. Ndinati ndiwaphunzitse kukuza zilembo akakhala okha, n'kumazibweza wina akamabwera. Anapukusa mutu. Anati chitseko cha ofesi sichigogodedwa, ndipo kabokosi kokuzirako nakonso kali ndi tizilembo tomwe tija. Ndinati ndikalankhule ndi abwana ndekha. Anandigwira dzanja mwamphamvu ngati mmene ankachitira pondiwolotsa mtsinje ndili mwana.

"Ukandikonda, Yohane, bweza."

Ndinabweza. Ndinadina, zilembo zija zinafota pamaso panga, kutuwa kuja kunabwerera. Pa zonse zimene ndinaphunzira ku Chipata, palibe chimene chinandilemera m'manja ngati chimenechi.

Alongo sanadandaule. Anatsegula dirowa n'kutulutsa kansalu kakang'ono, n'kukaika pafupi ndi mausi. Ndinafunsa kuti n'kachiyani.

"N'kopukutira fumbi," anatero. "Wina akandipeza nditaweramira pagalasi, ndizioneka ngati ndikupukuta."

Pamene ndimatuluka, anzawo anali akubwerera kunkhomaliro. Ndinacheuka. Alongo anali ataweramanso, kansalu kali m'dzanja lamanzere, chala chakumanja chili lende pamwamba pa mausi, sichikudziwa kuti chidine pati.

Lipoti lina akulifuna Lolemba.