Chimene Chinkamwa Petulo m'Galimoto ya Atate

Ananditengera galimoto ya atate, masipanala awo, ndi sukulu. Zonsezi zinapita mwezi umene tinaika maliro a atate. Anatenga ndi atate aang'ono, mng'ono wawo wa atate, amene amagulitsa simenti ndi malata ku Chawama. Sukulu sanachite kuinyamula pamutu ayi, koma galimoto ija ndiyo inkandilipirira, chifukwa atate ankanyamulira akwati pa maukwati. Itachoka pabwalo pathu ku Kanyama, ndinasiyira Giredi 10 pakati n'kuyamba kumata matayala m'mbali mwa msewu.

Inali galimoto yakale ya ku Amerika, yofiira, ya zitseko ziwiri, chiwongolero kumanzere, boneti lalitali ngati khonde. Injini yake ya masilinda asanu ndi atatu ikalira, agalu a m'komboni ankayankha. Atate anaigula kwa mzungu wina wa pafamu ine ndisanabadwe, ndipo ankaisamala kuposa chiwindi chawo. Ankamwa atate, Kanyama yense ankadziwa. Koma boneti ankalitsegula m'mawa, mutu uli bwino, ine ndili pambali kuwapatsira zida. Zimene ndikudziwa za injini ndinazitola pamenepo.

Pa msonkhano wa abale, atate aang'ono anati galimotoyo andisungira mpaka nditakula. Ndinali nditawapitirira kale msinkhu. Amayi anakhala pansi, maso ali pa zala za kumapazi.

Mvula inabwera n'kutha. Nyengo ya fumbi itafika, tsiku lina ndinangowaona atate aang'ono ataima pamene ndinkamata tayala la minibasi. Anabwera wapansi.

"Mwana wanga, uli bwanji? Bamai bako bali bwanji?"

"Bali bwino, Tate."

"Motoka ija yanitopesa. Ikumwa monga mwine wake."

Anzanga a pamatayala anaseka. Atate aang'ono nawonso anaseka, osaona kuti anena chiyani.

"Nikaika mafuta ku Chawama, pofika mu tauni singano ili pansi. Ma ukwati nasiya, nimangoluza. Kuli munthu wa sikirapu afuna kuitenga kumapeto kwa mwezi. Akuti azaidula, injini azaika pa chigayo. Ngati ungaikonze, bwera. Ngati sungakwanise, nigulisa."

Ndikanawauza kuti abweze kaye chimene anatenga. Mawuwo ndinali nawo, ndinkawayeseza tsiku ndi tsiku popopa matayala a anthu. Koma bwalo la sikirapu ndinkalidziwa. Ndinaonapo mmene amadulira denga la galimoto ndi moto wa gasi, mipando n'kuiponya pambali kuti nkhuku zizigonamo.

"Nizabwera, Tate," ndinatero.

Amayi sindinawauze. Iwo amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, patebulo la kutsogolo m'mbali mwa msewu, ndipo dzina la mlamu wawoyo silinkatchulidwa m'nyumba mwathu.

Galimoto ndinaipeza kuseri kwa shopu, itatuwa ndi fumbi la simenti. Atate aang'ono anatulutsa bokosi la zida za atate, atalembapo dzina la iwo eni ndi penti yoyera.

"Sebenzesa izi, koma ubweze vonse."

Kundibwereka masipanala amene ndinakula ndikuwapukuta. Ndinalandira ndi manja awiri.

Nditailiza, utsi wakuda unadzaza kuseri konse, maso n'kuyamba kuwawa ndi fungo la petulo wosapsa. Ndinapisa chala mu ekizozi, chinatuluka chili bii ndi mwaye. Mapulagi nawo anali akuda ngati kunsi kwa poto. Injini inkalandira petulo wochuluka kuposa mpweya, zimenezo zinali zoonekeratu. Atate ankati galimoto ikamamwa usathamangire kabureta, uyambe ndi zimene sizifuna nzeru. Ndiye ndinapita pa sefa ya mpweya, chibeseni chozungulira chimene chimakhala pamwamba pa kabureta, chosakaniza petulo ndi mpweya. Chivundikiro chake chinali chitamangidwa ndi waya wa kopa, wopotedwa mpaka pa nati.

"Apo usagwirepo," anatero atate aang'ono ali kumbuyo kwanga.

"Nifuna kuona sefa, Tate."

"Nakuuza usagwirepo. Konza kwina."

"Chifukwa?"

"Iwe, motoka ni yako?"

Ndinakonza kwina.

Ndinayala katoni pansi pa galimoto kuti ndione ngati ikudontha. Inkadontha pang'ono, pa paipi ya labala pafupi ndi pampu. Ndinadula mbali yong'alukayo n'kumanga bwino. Matayala onse anali ofewa, ndinawapopa. Titazungulira pang'ono ndinagwira mawilo, la kumbuyo kumanzere linanditentha. Ndinalavulirapo, malovu anachita kulira. Galimotoyo inaima m'madzi nthawi ya mvula, mabuleki anachita dzimbiri n'kumagwira okha, ndiye inkayenda ngati munthu wokoka thumba la chimanga. Ndinamasula, ndinapala dzimbiri, wilo linayamba kuzungulira ndi dzanja limodzi. Mapulagi ndinawakwecha, mpata wake ndinayeza ndi mpeni wa hakiso yodulira zitsulo monga ankachitira atate. Moto ndinautchera ndi khutu, kupotoza disitiribyuta pang'onopang'ono mpaka injini itasiya kugogoda.

Singano ya mafuta ya galimoto yakale ndi yabodza, sindinkaikhulupirira. Ndinachotsa paipi ya ku thanki n'kuilowetsa m'chigubu, chigubucho ndinachilemba mzere ndi msomali. Tinkatuluka pa msewu wa ku Kafue, kukatembenukira pamalo amodzi omwewo, kubwerera, n'kuona pamene petulo watsikira. Ankayendetsa ndi atate aang'ono, ine ndili pambali ngati kondakitala. Ankaiponda poyambira ngati akuthawa ngongole, ndipo ndinawauza kuti phazi lawo nalo limamwa.

Zinasintha, koma pang'ono. Utsi unali wakudabe. Mapulagi amene ndinayeretsa anadanso.

Anyamata onyamula simenti pashopu paja ankabwera kudzaonerera.

"Mudala akali kumwa!"

"Muikileni kachasu, petulo ni wodula!"

"Bakamba ati kumanda kulibe bala, ndiye abwela kumwela kuno."

Ndinaseka nawo. Ndinaseka kwambiri, kuti asaone nkhope yanga. Ankanena atate anga, ine ndili ndi sipanala yawo m'manja, mano ali pamtunda.

Choipa n'chakuti nanenso ndinayamba kuganiza zomwezo. Ndinamasula kabureta m'mbali mmene ndikanafikira, ndinaona choyandama cha m'kati, chinali bwino. Ndinatembenuza masikuluwu ochepetsa petulo mpaka injini inkafuna kuzima, utsi osasintha. Masana ena anthu atapita kukadya, ndinakhala pampando woyendetsera. Munkamvekabe fungo la fodya wa malemu atate. Ndinagwira chiwongolero n'kunena motsitsa mawu kuti, "Tate, lekani. Bazaidula." Ine amene ndinaphunzira sayansi mpaka Giredi 10, kuchonderera chiwongolero.

Mwezi uli pafupi kutha, wa sikirapu uja anabwera kudzaona katundu wake. Anazungulira galimoto, anagogoda chitseko ndi kiyi kuti amve kukhuthala kwa chitsulo, anasuzumira injini.

"Iyi izagaya chimanga bwino," anatero. "Mufana, usavutike maningi."

Atangotuluka pageti ndinatenga pulayazi n'kudula waya uja. Atate aang'ono anali pomwepo. Anakuwa, koma chivundikiro chinali kale m'manja mwanga.

Sefa sinkaoneka. Inali itakulungidwa yonse ndi nsanza yakuda, yopindidwa kangapo, yomangidwa ndi ulusi. Nsanzayo anaipaka mafuta onunkha ngati a nsatsi, ndipo fumbi la simenti linamatirira pamafutapo n'kuuma gwa ngati chikopa. Pakati pake panali kamtolo ka mizu ndi mikanda iwiri. Injini yonse ija inkapumira m'chinthu chimenecho. Munthu mukamutseka pakamwa ndi nsalu amakoka mpweya mwamphamvu. Injini nayo imakoka, koma mpweya ukasowa imakoka petulo.

Anyamata a simenti anabwerera m'mbuyo. Panalibenso woseka.

Atate aang'ono anandikokera kuseri kwa milu ya malata. Thukuta linali kutsika m'khosi mwawo.

"Unamvela chani iwe? Ninakuuza."

"Ni chani ichi, Tate?"

Anayang'ana uku ndi uku. Kenako ananena, mawu ali pansi. Atangotenga galimoto ija anasiya kugona. Akatseka maso ankaona mkulu wawo atakhala pampando wa pambali, osalankhula, akungowayang'ana mmene akusinthira magiya. Anapita kwa sing'anga. Sing'angayo anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti akamange pamene galimoto imapumira, kuti mpweya wa malemu usamalowemo. Iwo anafunsa makanika wina kuti galimoto imapumira pati, osamuuza chifukwa. Anawalozera sefa.

Ndinachotsa nsanza ija ndi sikuludiraiva, osaigwira ndi manja, n'kuiika pa njerwa. Sefa ndinaigogoda, ndinaiuzira ndi pampu ya matayala, ndinaibwezera. Nditailiza, injini inatsokomola utsi wotsala, kenako inakhazikika. Kulira kuja kunabwerera, kwa pansi, kosaphonya, kumene ndinkakumva ndili m'kalasi galimoto ikamadutsa ndi akwati. Ndinatchera masikuluwu a kabureta pamalo pake. Tinapita pa msewu wa ku Kafue n'kubwerera. Petulo m'chigubu anatsala wambiri moti atate aang'ono anachinyamula kuyang'ana kunsi, kuganiza kuti ndawonjezera. Galimoto ya masilinda asanu ndi atatu singamwe ngati kagalimoto ka takisi, koma apa inkamwa za msinkhu wake.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Iwo anaima n'kumayang'ana nsanza ija pa njerwa.

"Bwezapo."

"Tate, ndiye yamene inali kudya mafuta."

"Naona. Koma popanda ija sinikwela. Pobwela apa nenze kumvela monga kuli munthu kumbuyo kwanga." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Bwezapo, olo nimuitane uja abwele na gasi yake."

Sankandiopseza. Ankaopa zenizeni. Ndikabwezera nsanza pa sefa, galimoto iyambiranso kumwa ndipo aigulitsa. Ndikaitaya, aigulitsabe. Ndinaima pamenepo ndi pulayazi m'manja, mutu ukugwira ntchito mofulumira, ndipo chimene unatulutsa ndi ichi.

"Tate, uja makanika anakuuzani hafu. Mphepo isanafike pa sefa, ingena kutsogolo uku." Ndinawalozera zitsulo za kumaso kwa galimoto, pakati pa magetsi. "Apa ndiye pa mphuno. Mukamanga apa, mwatseka pa geti."

Anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anaika dzanja, anamva mphepo ikukokedwa ndi fani.

"Ni zoona," anatero. Nkhope yawo inamasuka. "Uli na nzelu monga batate bako. Manga iwe, uli na manja abwino."

Ndinamanga. Nsanza ndinaipinda kukhala kamtolo kakang'ono, mizu ndi mikanda zili m'kati. Apa ndinaigwira ndi manja. Ndinasankha ngodya ya kumunsi kumene singatchinge radiyeta, ndinadula waya watsopano, ndinaupota ndi pulayazi ya atate. Ndinamanga zolimba, chifukwa sindidziwa kugwira ntchito yosalimba. Kaya mankhwalawo amagwira kaya sagwira, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anapangidwa kuti atate asalowe m'galimoto yawo, ndipo anawamangirira pakhomo ndi ine.

Atate aang'ono anakoka kamtoloko kuti aone ngati kangagwe. Sikanasunthe.

"Wachita bwino, mwana wanga. Uzibwela kuiona-ona, ni yako iyi ukakula."

Ndinapukuta masipanala, ndinawaika m'bokosi, ndinawapatsa. Kenako ndinaomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo, Tate." Mawuwo anatuluka okha, monga ndinaphunzitsidwira.

Wa sikirapu sanabwerenso. Galimoto inayambiranso maukwati.

Loweruka lina masana ndinali pamsika, ndikuthandiza amayi kutsitsa bokosi la tomato. Ndinaimva isanaoneke. Amayi nawonso anaimva, dzanja lawo linaima m'bokosi. Inadutsa pang'onopang'ono kutsogolo kwa tebulo lawo, yotsukidwa, maliboni oyera pa boneti, mkwatibwi akugwedeza dzanja, ana akuithamangira. Kumbuyo kwake kunalibe utsi ngakhale pang'ono. Atate aang'ono anali pa chiwongolero atavala jekete, ndipo atationa analiza hutala.

Azimayi a matebulo oyandikana anayang'ana amayi, kenako anayang'ana kumbali.

Amayi anadikira mpaka phokoso litatha.

"Ikulila bwino," anatero.

"Ee."

"Benze kukamba ati inafa."

Anandiyang'ana manja, zikhadabo, kenako anapitiriza kusanja tomato wawo m'milu.

Lolemba anapempha wapampando wa msika kuti awasinthire malo. Anawapatsa mzere wa kumbuyo, pafupi ndi ogulitsa makala, kumene msewu suoneka ndipo ogula amafikako ochepa. Tebulo ndinawanyamulira ndine.