Diresi limene telala anakana kuchepetsa

Mwana wanga wamkazi anayamba kuonda ali Fomu 3. Ine ndine wa m'badwo umene unaika abale ambiri m'manda, ndiye kwa ine munthu akaonda nkhani imakhala imodzi. Sindinamufunse kanthu. Ndinapempha tsiku kuntchito n'kumukokera kukayezetsa magazi. Atatiuza kuti ali bwinobwino, ndinang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi m'minibasi mpaka kwathu ku Area 15. Mpaka lero ndimachita manyazi ndi chimwemwe chimenecho.

Kunyumba ankati wadya kusukulu, kusukulu ankati wadya kunyumba. Amene ananenepa ndi galu wathu. Mwanayo akaweruka ankangokhala pafoni, kuonera mafilimu a ku Korea, atsikana ake miyendo ngati bango. Ine ndinkati bola sakuyendayenda.

Kenaka kunabwera ukwati wa mng'ono wanga. Nsalu ya yunifolomu ya ukwatiwo tinakasiya kwa telala wa pakhonde ku Area 2, bambo wachikulire amene wakhala akumusokera mwanayu kuyambira ali wakhanda. Anamuyeza, anasoka. Pokaliyesa, diresi linali lalikulu. Anachepetsa. Patatha milungu itatu linali lalikulunso. Ndinawakalipira bambowo pamaso pa anthu, kuti maso awo anatha ndipo akungondionongera nsalu. Pakamwa pangapa ndimapadziwa ndekha.

Anandisiya ndimalize, kenaka anakweza tepi yawo yoyezera.

"Mayi, tepi ndi yomweyi. Ine sindichepetsanso. Mwanayu ndi amene akutha."

Ndinatembenuka. Mwana wanga anali ataima pagalasi lotsamira khoma, mafupa a m'khosi ali poyera, diresi likulendewera ngati lili pachingwe. Anatsina kachikopa ka pamimba ndi zala ziwiri n'kulankhula motsitsa.

"Amayi, taonani chimimbachi. Anthu akandiseka ku ukwati."

Sankanama ayi, ankachionadi. Ndinachita mantha kuposa tsiku la magazi lija, chifukwa matenda awa sindinkawadziwa ngakhale dzina, ndipo ndinkagona nawo nyumba imodzi.

Ku ukwati anavala zina. Tinayenda maulendo ambiri tisanapeze dokotala womvetsa. Masiku ano ndimadya naye limodzi, pang'onopang'ono, ndipo ndaphunzira kutseka pakamwa akasiya theka. Telala uja ndinakamupepesa.

Diresilo ndimalisunga m'kabati mwanga mmene telalayo analisiyira. Mwezi watha anapempha yekha kuti aliyese. M'chiuno mukadali malo olowa dzanja langa lonse.