Timatabwa ta a NyaJere

Lero m'kalasi mwanga, Sitandade 1, ndinakweza kathabwa ka thirayango nsonga ili pansi, ana onse n'kukuwa kuti, "Yayi madamu, si thirayango imeneyo!" Ndinangokhala pampando. A NyaJere, mphunzitsi mnzanga, timatabwa timeneti ndi tanu tija munkatola kumacheka ku Luwawa n'kumadula nokha, mpaka sowo inakusiyirani chipsera pachala chachikulu. Nditangofika kumene kuchokera ku Dedza, ana anandikaniranso chomwechi, ine n'kupsa mtima. Inu munalowa n'kupendeketsa mutu mpaka paphewa. "Kodi apa ndasiya kukhala NyaJere?" Ana anafa nacho chiseko. Kenako munawagwira tizala mmodzimmodzi, n'kumatiyendetsa m'mphepete mwa thabwa. "Mbali zitatu zowongoka, ngodya zitatu, palibe potseguka. Kaya igone, kaya iime, kaya ikhale yofiira, mbwenu ndi thirayango basi."

Tsiku lomwe lole ya matabwa inakugundani pamsewu wa ku Chikangawa, apolisi anaitana ine kuchipatala ku Mzimba boma, poti abale anu anali kutali. Atavundukula nsalu, nkhope yanu sindinaizindikire. Ndinagwira dzanja lanu lozizira n'kuyendetsapo chala changa monga munkachitira ndi ana aja, mpaka ndinachipeza chipsera chija. Ndinawauza kuti, "Ndi iwowo." Ana a chaka chino sakukudziwani, a NyaJere. Mawa ndiwagwira tizala, koma zopendeketsa mutu zokha sindingathe.